Chitsa cha Tiyi m'Galasi la Adona

Esiteti ya Namaseko,
Layini 4, Thyolo.
5 Meyi 2024

Mwana wanga Vailet,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Ine kuno ndilipo, kupatula bondo lija limene limamva chiperoni chisanafike. Foni yanga inagwera m'damu mwezi watha, ndipo yobwereka kwa kapitawo sindiifuna, chifukwa munthu uja uthenga wa eni ake amawerenga mpaka pansi. N'chifukwa chake ndapatsira kalatayi a Nathan a thiraki, omwe aja amakubweretsera ufa ndi kalongonda.

Nkhani ndi iyi. Ku ofesi andionetsa pepala loti pa 31 Julaye zaka zanga zakwana, ndipume. Kupumako si vuto. Pampu ya kudamu ndaiyang'anira zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, yanditopetsa, nane ndaitopetsa. Vuto ndi nyumba. Lamulo la pano ukulidziwa: ntchito ikatha, kiyi ku ofesi. Ndiye ndilowera kuti? Ku Changata n'kwa malemu mayi ako. Ine kumeneko ndinali mkamwini chabe, ndipo tsiku limene anandisudzula maliro atatha ndinaziona bwinobwino nkhope za azilamu anga. Kwathu kwenikweni, kutsidya kwa Ruo, ndinachokako ndili ndi kabudula mmodzi, ndipo onse amene ankandidziwa ali kumanda.

Tsono mwayi wabwera, koma wabwera mochititsa manyazi. Tili ndi manijala watsopano, Mayi Chikuse, ochokera ku Lilongwe. Sukulu anapita ndithu, koma tiyi anamudziwira m'kapu. Adonawa abwera ndi ziweto. Si nkhuku, si mbuzi, si galu. Nkhasi, Vailet, akamba a m'madzi omwe aja unkawathawa kudamu uli mwana. Zawozi akuti anagula ku Joni komweko, zili ndi timizere tofiira m'masaya, ndipo anazipatsa mayina a anthu, ina Pearl, ina Lily. Zimakhala pabalaza, m'chigalasi cha madzi chotalika ngati benchi ya kutchalitchi. Wa m'galadeni anakana kuzigwira, akuti n'zamatsenga. Kukhi, wophikira adonawo, anafunsa ngati n'za Khirisimasi, pang'ono achotsedwe ntchito. Ndiye wina anauza adona kuti kudamu kuli nkhalamba yosaopa zokwawa.

Andiuza pamaso pa kalaliki kuti ziwetozi zikakhala bwino mpaka Julaye, andisainira kontirakiti yogwira kunyumba kwawo, ndipo nyumba ya ku layini sandilanda. Ndi imvi zangazi, pogona panga pali pamsana pa nkhasi ziwiri.

Malamulo awo alemba n'kumata pakhoma, alipo anayi. Madzi azifika pamzere wa pamwamba. Madziwo akhale a pampopi, atsopano, tsiku lililonse. Musaikemo chilichonse. Musasunthe galasi. Ine ndikutsatira monga ndatsatira malamulo ena onse a pano.

Unandiuza kuti azungu ako amasunganso zinthu zomwezi ndipo wotsuka ndiwe. Nditumizire pepala la kumeneko lonena za kakonzedwe ka nyumba ya nkhasi. Ndalama sindikupempha. Pepala lokha, libwere ndi a Nathan ulendo uno. Undiuzenso ngati chifuwa chija chinatha.

Ndine bambo wako,
Zakeyu Namalika


Randburg,
17 Meyi 2024

Ababa,

Moni wochuluka. Ndili bwino, chifuwa chinatha. Kalata yanu ndawerengera m'khitchini. Ndinayamba ndi kuseka mpaka madamu anadzasuzumira, kenako ndinapezeka ndikulira ndi mkwiyo.

Zaka zonsezi mwapopera madzi fakitale yonse, lero mphatso yanu ndi kukhala nesi wa nkhasi? Ine kutsuka zonyansa za zinthu zimenezi ndinavomera chifukwa ndili m'dziko la eni. Inu muli kwanu, bambo wa ulemu wanu, dikoni wa mpingo. Ndipo mayi wanuyo ndi chitsiru chovala nsapato zazitali. Anthu a mtundu umenewo ndikuwadziwa, amagula chamoyo ngati akugula maluwa a pulasitiki, bola alendo aone.

Poti mwafunsa, mvetserani bwino, ndipo muwerenge kawiri, chifukwa ndikudziwa kuti zinthu zamakono zimakusokonezani.

Nkhasi si nsomba. Imapuma mpweya ngati inu ndi ine. Madzi asadzaze mpaka pakamwa pa galasi. Kuya kwake kukhale kawiri kapena katatu kutalika kwa chigoba, kuti ikagadabuka izitha kudzitembenuza. Mbali imodzi pakhale pokwera, mwala waukulu kapena mtengo, poti ituluke m'madzi n'kuuma thupi lonse. Ikapanda kuuma chigoba chimafewa, maso amatupa, kenako chibayo. Pamwamba pa pokwerapo pamafunika nyale yotentha ya mtundu wake. Ngati palibe, dzuwa lenileni la panja. Dzuwa lodutsa pawindo n'lopanda ntchito. Madzi a pampopi ali ndi mankhwala, aziyamba agona mu ndowa tsiku limodzi. Musamakhuthule onse tsiku lililonse ngati mukutsuka mbale, muzichotsa pang'ono pa sabata n'kuthirapo ena. Timiyala ting'onoting'ono ayi, zimameza. Ndipo ndi kuzizira kwa ku Thyolo mwezi wamawa, popanda hita m'madzimo zisiya kudya.

Kuno kwa madamu zonsezi zilipo, mpaka kachipangizo koyezera kutentha. Ine chipinda changa cha kuseri kwa galaja chilibe hita, koma nkhasi ili nayo. Choncho musandiuze za adona, ndimawaona tsiku ndi tsiku.

Langizo langa lenileni nali: zisiyeni zife, mutuluke pa esitetipo mutu uli m'mwamba. Kuno sindingakutengeni, kachipinda kanga alendo saloledwa. Koma ku Changata kuli mayi aang'ono a Mervis, mng'ono wawo wa amayi. Angakukanizeni pogona inu amene munawalipirira sukulu? Mumangodziopseza.

Mundiuze ngati mapeyala a kuseri kwa nyumba abereka.

Mwana wanu,
Vailet


Esiteti ya Namaseko,
2 Juni 2024

Vailet,

Moni. Kalata yako ndalandira ndipo ndawerenga kawiri monga unalamulira, aphunzitsi.

Wandiphunzitsa kuti nkhasi si nsomba. Zikomo kwambiri. Ine nkhasi ndakhala ndikuziona m'mawa uliwonse kuyambira iwe usanabadwe. Ndikudziwa nthawi imene zimakwera pa zitsa kudamu, ndikudziwa mmene zimatambasulira miyendo ya kumbuyo padzuwa, ndikudziwa pamene zimakumba poikira mazira. Tsiku loyamba lomwe ndinalowa pabalaza paja ndinaona kuti zinthuzi zikuzunzika. Ukuganiza kuti bambo wako ndi mbuli yotani?

Ndinayesa kunena. Ndinavula chipewa, ndinaima pakhomo, ndinati, "Adona, pepani, nkhasi imafuna pokwera kuti iume."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "A Zakeyu, za zinyama munaphunzira kuti?"

Ndinati, "Kudamu, adona."

Anaseka, n'kuitana kukhi kuti naye amve. Akuti izi si nkhasi za m'matope a kwanu kuno, izi n'zochokera kunja, ndipo wogulitsa anawauza yekha kuti n'za m'madzi. Akuti galasilo analipira kuti lizioneka loyera, osati lidzaze ziyangoyango. Anatha ndi kundilozera malamulo a pakhoma aja.

Iwe unachoka kalekale, waiwala mmene timagwirira ntchito pano. Pa esiteti pakamwa pa lebala sipatuluka nzeru. Chimene chimalankhula ndi pepala. Chaka chija ndinanena miyezi isanu kuti paipi ya ku fakitale iphulika, palibe anandimva. Kunabwera kamnyamata ka ku Blantyre ndi galimoto, kanandifunsa ine ndemwe, kanalemba zimene ndinakauza, kanadinda chidindo, mawa lake paipi inasinthidwa. Ndicho chimene ndikupempha. Nzeru ndili nazo. Ndikufuna pepala lachizungu, lotayipa, lochokera kusitolo imene amagulitsa zinthuzi, lokhala ndi chidindo chawo. Ndikalitula patebulo, adona adzasintha zonse okha, n'kumati anaganiza ndi iwo. Ine zimenezo ndilibe nazo kanthu.

Kalata yako ija ndikawaonetse bwanji? Yachichewa, yolemba pamanja, ndipo m'kati mwake wawatchula chitsiru chovala nsapato zazitali. Sunaname, koma ndaibisa pansi pa matiresi.

Fulumira, mwana wanga. Chiperoni chayamba, fakitale sikuoneka ndi nkhungu. M'mawa uliwonse ndimakhuthula madzi n'kuthira ozizira a pampopi mpaka pamzere, ndikudziwa kuti ndikupha. Pearl ndi yolimba, ikudyabe. Lily yasiya. Maso atupa, ndipo imakakamira ndi zikhadabo pa kapaipi kolowetsa mpweya m'galasimo, mphuno yokha kunja, kufuna popumulira. Ikafa, mlandu sudzagwera malamulo a pakhoma. Udzagwera ine, ndipo kiyi apita.

Za ku Changata usandiuze. A Mervis ndimawadziwa ine.

Mapeyala abereka, koma anyani a kunkhalango ayamba kale kukolola.

Bambo wako,
Zakeyu


Randburg,
14 Juni 2024

Ababa,

Moni. Ndamva.

Ndinakhala pansi tsiku langa lopuma, tsiku limodzi lokha pa sabata, kukulemberani zonse zimene ndaphunzira ndi manja angawa zaka zinayi. Inu mwaziika pansi pa matiresi. Mukufuna chidindo cha mzungu. Ndiye kusiyana kwanu ndi adona anuwo kuli pati? Iwo sakumva inu chifukwa ndinu lebala, inu simukumva ine chifukwa ndine wantchito wa m'nyumba.

Esitetiyo inakuphwanyani msana, ababa, mpaka mumavula chipewa polankhula za nkhasi. Zimandinyansa kuziganiza. Amayi akanakhala moyo sakanalola.

Sitolo imeneyo ili kutali, mateksi awiri, ndipo munthu wa mtundu wanga akalowamo osagula kanthu mlonda amamutsata pambuyo. Ndikapempha chidindo adzandifunsa kuti ndine ndani. Ndiona ndikapeza mpata.

Ndapatsira a Nathan bulangete ndi mafuta opaka bondo.

Vailet


Esiteti ya Namaseko,
10 Julaye 2024

Mwana wanga,

Moni. Bulangete ndikufunda, zikomo. A Nathan adutsa kawiri chitumizire bulangetelo. Kawiri konse ndapita kukawadikira pa Bvumbwe, kawiri konse angotambasula manja. Sindikufunsa chifukwa. Mwina mateksi awiri aja ndi ataliatali.

Ndachita chinthu, ndipo ndikufuna uchimve kwa ine.

Adona anapita ku Lilongwe ku msonkhano Lachisanu, abwera Lachiwiri pa 16. Loweruka m'mawa ndinapeza Lily ikuyandama chopendekera, mbali imodzi m'mwamba, thovu pamphuno. Ndinaima pamenepo ndi ndowa yanga ya madzi ozizira, ndikuyang'ana malamulo a pakhoma, ndipo manja anakana.

Ndinatsikira kudamu. Kuseri kwa nyumba ya pampu kuli pamene tinataya zitsa za tiyi wakale, chaka chimene anazula munda wa nambala 9. Zakhala m'madzi zaka zoposa khumi. Chitsa chatsopano sungaike m'galasi, chimatulutsa utoto. Koma izi madzi anazitsuka kale, zinada, zinalimba, zikulemera ngati chitsulo. Ndinasankha chophwatalala pamwamba, chokhala ndi muzu umodzi wotsetsereka bwino ngati makwerero. Ndinachikwecha ndi mchenga popanda sopo, n'kuchithira madzi owira.

Kukhi ndinamunyengerera ndi mapeyala. Tinakhuthula chigalasi chija, tinachinyamula awiri mpaka pakhonde la kum'mawa, pamene dzuwa limafika nkhungu ikangochoka. Madzi ndinathira ofika pakati, ogona mu ndowa, n'kusakaniza ofunda pang'ono. Ndinaikamo chitsa.

Pearl sinadikire. Inazungulira kamodzi, inapeza muzu uja, inakwera, n'kutambasula miyendo ya kumbuyo chimodzimodzi anzake a m'matope a kwathu kuno. Zochokera kunja zimenezo. Lily ndinachita kuinyamula n'kuikhazika pamwamba. Madzulo ndimazilowetsa m'beseni pafupi ndi mbaula ya kukhitchini, m'mawa n'kuzibwezera. Dzulo Lily yatsegula diso limodzi. Lero yatsegula onse, ndipo yadya nyongolotsi ziwiri m'dzanja langa. Ndinasangalala, Vailet, sindibisa. Nkhalamba yonseyi ndinakhala pansi pakhonde la eni n'kumaseka ndekha.

Kukhi akuti Lolemba tibwezere zonse mmene zinalili adona asanafike. Ndaganiza, ndakana. Lily ndikaibwezera m'madzi ozizira aja sifika kumapeto kwa mwezi, ndipo ikafa nyumba yapita. Ndikasiya chonchi ndaphwanya malamulo onse anayi. Koma mayiwa ali ndi maso. Anasiya chiweto chikufa, apeza chikudya. Ngakhale wophunzira kwambiri angathe kuona zimenezo.

A Nathan akuti adutsanso Lamlungu. Pepala likabwera tsiku limenelo, ndiye kuti zonse zili bwino.

Bambo wako,
Zakeyu


Randburg,
20 Julaye 2024

Ababa,

Moni. Kalata yanu ya chitsa ndalandira dzulo. Ndinaiwerenga nditaima pageti, ndipo ndinanyadira. Mwachita bwino kuposa madamu anga ndi zipangizo zawo zonse.

Pepala lanu nali, masamba awiri, lotayipa, chidindo chofiirira pansi ndi siginecha ya mwini sitolo. Muli zomwe zija ndinakulemberani, palibe chatsopano ngakhale chimodzi.

Ndiulule, chifukwa zikundilemera. Pepalali ndinalitenga pa 22 Juni. Sizinavute n'komwe, mtsikana wa pakauntala anangosindikiza n'kudinda osandifunsa dzina. Lakhala m'chikwama changa milungu inayi. A Nathan anabwera ndinawabisira. Ndinali ndi mkwiyo, ndinkafuna muyambe mwanena kuti kalata yanga inali yokwana. Ndi uchitsiru, ndikudziwa. Mundikhululukire.

Koma poti nkhasi yachira, pepalali likangokhala lothira mchere. Mukawapatse adonawo aliwerenge, achite manyazi, asaine kontirakiti. Ndaona makatani abwino otsika mtengo ndi kambaula ka magetsi. Mundiuze chimene mukufuna m'nyumbamo ndidzapatsire a Nathan ulendo wamawa.

Mwana wanu,
Vailet


Changata,
21 Julaye 2024

Iwe Vailet,

Ndine mayi ako aang'ono, Mervis. Moni sindichulutsa chifukwa nawe sutilembera. Tinangomva kuti uli ku Joni, sopo wako sitinamuonepo. Keyala yako ndatenga m'thumba la jekete la bambo ako.

Bambo akowo ali kuno. Anafika Lachinayi pa njinga ziwiri za kabaza, ina iwo, ina matiresi ndi mapoto. Anthu a pachigayo onse anatuluka kudzaonerera. Munthu wagwira ntchito kuyambira nthawi ya makolo, katundu wake wokwana pa keriyala.

Iwo sakulankhula, koma mkazi wa kukhi wa kumeneko ndi wa mpingo wathu, wandiuza zonse. Akuti bwana wamkazi uja pobwera ku Lilongwe sanabwere yekha, anatenga alendo akuluakulu a ku likulu la kampani kuti adzawaonetse nyumba ndi ziweto zake zodula. Kutsika m'galimoto, apeza chigalasi chili pakhonde ngati chosambira ana, madzi theka, m'kati muli chikuni chakuda. Mlendo wina anafunsa ngati ndi mmene amasungira nkhuni ku Thyolo, anzake n'kuseka. Bambo ako akuti anayamba kuloza kuti taonani maso atseguka, taonani ikudya. Ndani amayang'ana maso a nkhasi alendo akuseka? Bwanayo anawauza pomwepo kuti munthu wolephera kusunga malamulo anayi sangasunge nyumba ya munthu. Masiku otsalawo akuti atenge ngati tchuthi, kiyi asiye ku ofesi Lachinayi.

Ine ndinaseka, ndisaname. Akuluakulu anati kamba amanyerera amene wamutola, koma sindinkadziwa kuti ndidzaziona ndi maso. Anzawo popuma ntchito amabwera ndi malata, ndi njinga, ena ndi ng'ombe. Alamu anga abwera ndi mbiri yoti anachotsedwa chifukwa cholera nkhasi. Ana akuwatcha kale a Nankhasi.

Tsono umve. Ine si woipa mtima. Ndawapatsa kakhitchini kakale kaja timasungiramo nandolo, ndasesa, ndatseka pamene pankalowa nkhuku. Koma mwambo ukuudziwa. Mkulu wanga anamwalira, mwamuna wake tinamusudzula pamaso pa ankhoswe, anamasuka. Pano si pawo. Za sukulu imene amati anandilipirira, inali Sitandade 6, ndipo ndinawaphikira zaka zitatu, tinathana. Malo kuno ukuwadziwa, phiri kumtunda, tiyi wa eni kumunsi, ife tili pakati ngati nsabwe mumsoko. Teleza wanga akukwatiwa mu Okutobala, ndipo mkamwini watsopano amanga pomwe pali kakhitchiniko. Njerwa aumba kale.

Choncho mvula isanagwe ubwere udzatenge bambo ako, kapena uwapezere kolowera. Ndiwe mwana mmodzi yekha, usatitayire katundu wako. Ukamayankha uikemo ndi nsalu ya chinkhoswe, ya buluu.

Mayi ako aang'ono,
Mervis


Changata,
11 Ogasiti 2024

Mwana wanga Vailet,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino. A Mervis akuti anakulembera, ndiye za mmene ndinachokera sindibwereza. Mmene akuuzira ndi momwemo, iwo pa nkhani zotere saphonya.

Kalata yako ndi pepala zinandipeza pa 27 Julaye, a Nathan anachita kufunsira mpaka kuno. Za milungu inayi ya m'chikwama ndawerenga. Unapempha kuti ndikukhululukire, ndakukhululukira. Mtima umenewo unatengera ine, sindingakuimbe mlandu. Tisadzazikambenso.

Lolemba lake ndinavala jekete n'kupita ku esiteti. Mlonda wa pageti, mwana amene ndinamuphunzitsa kupalasa njinga, anandilembetsa m'buku la alendo. Chigalasi ndinachipeza chabwerera pabalaza, madzi mpaka pamzere, Lily maso atatupanso. Ndinapereka pepala ndi manja awiri. Adona anayamba kuyang'ana chidindo, kenako anakhala pansi, anawerenga masamba onse awiri, n'kubwerezanso. Anati, "Mwalitenga kuti?" Ndinati ku Joni. Anati, "Mukanabweretsa kale." Anandiuza kuti ndizipita, aganiza.

Lachinayi lapitali kunabwera galimoto ya esiteti mpaka pachigayo, kudzanditenga. A Mervis anavala mpango watsopano n'kundiperekeza mpaka pamsewu, akunditchula alamu. Nane m'njira monse mtima unali m'mwamba, ndinkawerenga m'mutu mmene ndikabwezere katundu m'nyumba.

Kufika, chigalasi chili pakhonde la kum'mawa, pomwe paja. Madzi theka. Nyale yatsopano yochokera ku Blantyre, hita, zonse. Koma madziwo ofiira ngati tiyi wopanda mkaka. Adona anatuma wa m'galadeni kukatenga chitsa, iye anakazula chachiwisi kumunda. Asintha madzi katatu, katatu konse afiira. Ndicho anandiitanira.

Anandikhazika pa sitepe, iwo pampando, pepala lako m'manja. Anayamba kundiphunzitsa. "Mukuona a Zakeyu, akatswiri akuti nkhasi si nsomba. Imafuna pokwera kuti iume. Ikapanda kuuma maso amatupa." Ankawerenga chizungu n'kumandimasulira pang'onopang'ono kuti ndimve. Ine ndinkati inde adona, zoona adona. Kukhi anali pawindo, anathawira m'kati.

Chitsa changa chija sichinapite kutali. Anachitaya pa mulu wa nkhuni, koma kukhi anachibisa kuseri kwa thanki. Ndinachitsuka, ndinathira madzi abwino, ndinachiika mmene chinalili. Pearl inakwera ndisanapukute manja. Lily inatsatira yokha, mochedwa, koma inafika. Adona anajambula ndi foni n'kutumizira anzawo.

Pamenepo ndinavula chipewa. Ndinati, "Adona, nanga za kontirakiti ija?"

Anadabwa ndithu, osati mwachiphamaso. Anati, "Kontirakiti ya chiyani? Panopa zonse zalembedwa apa. Aliyense angathe kutsatira, ngakhale wa m'galadeni." Pepalalo alimata pakhoma pamene panali malamulo anayi aja. Anauza kukhi kuti andipatse tiyi ndi buledi ndisanapite, ndipo galimoto inali itatumidwa kwina, ndinabwerera wapansi.

Ndinadzera ku Layini 4, sindikudziwa chifukwa chake. Muli banja la mnyamata amene watenga pampu. Mkazi wake ankayanika matewera pa chingwe chimene ndinamanga ine, ndipo anandipatsa moni mwaulemu, n'kundifunsa ngati ndikufuna munthu.

Kuno njerwa za mkamwini wa Teleza aziwotcha sabata yamawa. Ndikuwathandiza kusanja uvuni, poti ndimadya pano. Abusa a ku Makwasa akuti afunsa ngati pali mpingo wofuna mlonda wogona pomwepo, koma akuti zaka zanga zikuvuta. Usalembe kalata mpaka ndidzakuuze kumene ndili.

Unafunsa za makatani ndi kambaula, kuti ndisankhe chimene ndikufuna. Usatumize kanthu, mwana wanga. Ndilibe poika.

Ndine bambo wako,
Zakeyu Namalika